Masheya a Malemu Achimwene

Kwathu amanditchula kuti Peresenti. Anandipatsa dzinali ndi achimwene anga ndili ku pulaimale, chifukwa ndinkawerengera chilichonse, ngakhale nthuli za nyama m'mbale, n'kumauza aliyense kuti wadya mopitirira gawo lake. Dzinalo linandikakamira mpaka kukula. Nditapeza ntchito pa kampani yothandiza anthu kugula ndi kugulitsa masheya, achimwene anaseka chikhakhali n'kunena kuti, "Mulungu salakwitsa. Peresenti wapita kwa abale ake."

Ntchito yanga inali yowerenga malipoti a makampani n'kulemba maganizo anga pansi pake: gulani, gulitsani, kapena dikirani. Pa ntchito imeneyi pali nambala imodzi yomwe timayamba kuiyang'ana tisanayang'ane china chilichonse. Timaitchula ndi zilembo ziwiri, PE. Umatenga mtengo wa sheya imodzi pa msika, n'kuugawa ndi phindu lomwe kampani yapangira sheya imodziyo pa chaka. Yankho lake limakuuza zaka zomwe phindulo lingatenge kuti libweze ndalama yomwe wagulira. Nambalayo ikakhala yaing'ono, ndiye kuti katunduyo watchipa, kapena wavunda. Ikakhala yaikulu, anthu akulipira chiyembekezo. Kusiyanitsa chotchipa ndi chovunda ndi kumene ankandilipirira.

Achimwene anali mmisiri wa mapaipi a madzi. Manja awo ankanunkha guluu wa mapaipi ngakhale Lamlungu. Banki ina itayamba kugulitsa masheya ake kwa anthu wamba, ndine amene ndinawakakamiza kuti agule. Anakana miyezi iwiri, kenako anatulutsa ndalama zomwe ankasungira galimoto yakale n'kugula masheya 60,000 pa mtengo wa makwacha 10 iliyonse. Atalandira satifiketi anaiyang'ana mbali zonse ziwiri n'kundifunsa kuti, "Ndiye kuti ndikalowa m'bankimo azindiimirira?" Anaikulunga m'pepala la pulasitiki n'kuiika pansi pa sutikesi.

Patatha zaka zinayi anagwa ali pa ntchito, akulumikiza thanki ya madzi. Anagona m'chipatala masiku anayi okha. Anasiya alamu, omwe ndi telala, ndi mwana mmodzi wamkazi yemwe anali m'chaka chomaliza ku sekondale.

Chaka chomwecho banki ija inalowa m'mavuto. Kampani ina yaikulu yomwe inakongola ndalama zambiri kumeneko inagwa, ndipo nyuzipepala zinkalemba tsiku ndi tsiku kuti bankiyo ikhoza kutsekedwa. Anthu ankafola pa mizere kukachotsa ndalama zawo. Sheya inatsika kuchoka pa 15 kufika pa 6. Ine ndinakhala masabata awiri ndikuwerenga malipoti a bankiyo tsamba ndi tsamba, ndipo ndinaona kuti bala linali lalikulu ndithu, koma silinafike pa fupa. Ngakhale m'chaka choipacho, sheya iliyonse inali itapanga phindu la 2. Mtengo 6, phindu 2, nambala yathu ija inali pa zitatu. Ndinali ndisanaonepo banki yamoyo ikugulitsidwa motchipa chonchi. Ndinalemba lipoti la masamba asanu, pansi pake ndinalemba mawu amodzi: gulani.

Lipotilo linali pa tebulo langa tsiku lomwe alamu anabwera ku ofesi. Kunali mvula, nsapato zawo zinali zitanyowa, ndipo anapepesa kwa mayi wokolopa asanakhale n'komwe. Nditawaona pakhomo ndinatembenuza lipotilo chafufumimba. Mpaka lero sindidziwa ngati panthawiyo n'kuti nditaganiza kale zomwe ndinadzachitazo, kapena dzanja linangoyamba lokha. Alamu anakhala pa mpando, anatsamira chigongono pa lipoti lomwelo, n'kutulutsa satifiketi m'chikwama.

"Peresenti, ndiuzeni zoona," anatero. "Pepalali likadali ndi ntchito, kapena ndikakolezere moto?"

"Alamu, wailesi mwaimva nokha."

"Ndaimva. N'chifukwa chake sindikugona."

"Zinthu sizili bwino pakadali pano. Ogulitsa ndi ambiri, ogula ndi ochepa."

Zonsezi zinali zoona. Sindinanene bodza ngakhale limodzi tsiku limenelo, ndipo kwa zaka zambiri ndinkadzitonthoza ndi mfundo imeneyi.

"Ndiye ndigulitse?"

"Ndalama mukuzifuna liti?"

Anayamba kuwerenga ndi zala: fizi ya mwana, ya mayeso, lendi ya miyezi inayi. Zonse pamodzi zinkangopitirira pang'ono 100,000. Masheya onse akanawapatsa 360,000. Ndikanatha kunena kuti gulitsani ochepa okwanira vuto la lero, otsalawo muwabwezere m'sutikesi. Ndikanathanso kuwabwereka ndalamazo, poti ndinali nazo, ndinkasungira puloti. Mawu amenewa anafika pakhosi. Ndinawameza.

"Ndiyesetsa kukupezerani wogula," ndinatero. "Mwina angatenge onse pamodzi."

Alamu anapumira m'mwamba ngati atula mtolo. "Akanakhala kuti si inu, ine ndikanalowera kuti? Achimwene anu ankanena kuti mutu wa banja lino uli pa inu, iwo anangotenga manja."

Anasaina pomwe ndinawalozera.

Wogulayo ndinali ine. Malamulo a kampani yathu sankalola wantchito kugula katundu wa kasitomala wake, choncho ndinatsegula akaunti m'dzina la mkazi wanga, la kwa makolo ake. Ndinamuuza kuti ndapeza masheya otchipa, asaine. Ndinatenga ndalama za puloti zija, ndinawonjezera zina zomwe ndinabwereka ku ntchito, ndipo pomatha sabata alamu anali atalandira 360,000 yawo yonse, osachotsapo kanthu. Ndinawauza kuti ndachonderera abwana kuti asawadule ndalama ya ntchito yowagulitsira. Patatha masabata awiri alamu anabwera kunyumba ndi malaya abuluu omwe anandisokera, a mabatani oyera, okwana bwino ngati anandiyeza. Ndinawavala kamodzi, iwo ali pomwepo.

Banki sinatsekedwe. Chaka chotsatira sheya inafika pa 11. Kenako 20. Ndinkati ndikalowa mu ofesi m'mawa, ndisanavule n'komwe jekete, maso anga ankathamangira pa mzere wa banki ija, ndipo mtengo ukakwera ndinkamva zinthu ziwiri nthawi imodzi: kukoma, ndi kanthu kena kowawa pansi pa nthiti ngati ndameza fupa la nsomba. Itafika pa 45 ndinagulitsako masheya 20,000 n'kugula puloti yaikulu kuposa yomwe ndinkaifuna poyamba. Gawo la phindu lomwe banki inkagawira eni masheya chaka ndi chaka linagula simenti, malata, mazenera. Tsiku lolowa m'nyumbamo alamu anabwera ndi makatani a pabalaza, anasoka okha, ndipo anakana kuti ndiwalipire.

Ndalama zawo zija sizinafike zaka ziwiri. Mwana anakhoza bwino, anatengedwa ku yunivesite kukaphunzira za mankhwala, koma m'chaka chachiwiri fizi inasowa. Ine ndinkatumiza kangachepe mwezi ndi mwezi, ka sopo ndi ka mabuku, ndipo pa misonkhano ya banja anthu ankanditchula ngati chitsanzo cha munthu wosaiwala ana amasiye. Fizi yonse ndikanatha kulipira nditagulitsa masheya ena ochepa. Koma ndinkaopa funso lakuti ndalama zochuluka chonchi ndazitenga kuti, komanso, ndinene zoona, mtengo unali ukukwerabe ndipo sindinkafuna kugulitsa. Mwanayo anasiya sukulu. Anapeza ntchito yogulitsa m'sitolo ya mankhwala, kumatenga mabotolo pa mashelefu motsatira zomwe alemba anzake omwe anamaliza.

Zaka khumi ndi chimodzi zinadutsa choncho. Phindu la banki pa sheya iliyonse linakwera kuchoka pa 2 kufika pa 8, kanayi kokha. Koma mtengo unakwera kuchoka pa 6 kufika pa 210. Nambala ija inayenda kuchoka pa zitatu, kudutsa zisanu ndi zitatu, khumi ndi zisanu, mpaka 26. Anthu omwe kale ankafola kuti achotse ndalama zawo anayamba kufola pa ofesi yathu kuti agule. Ometa tsitsi, oyendetsa mataksi, onse ankakamba za banki imeneyi. Ndinalemba lipoti lina lakuti mtengo wathamanga kusiya phindu kumbuyo, koma palibe amene ankafuna kuliwerenga.

M'nyengo imeneyo, Lachitatu lina m'mawa, alamu anabweranso. Ofesi yathu inali itasamukira m'mwamba, ya magalasi, yokhala ndi sikirini yaikulu pakhoma yoonetsa mitengo. Anafika akupuma mwabefu chifukwa cha masitepe. Tsitsi lawo linali litayamba imvi, ndipo anali atavala magalasi a maso omangidwa ndi ulusi mbali imodzi. Anaika envelopu yonenepa pa tebulo.

"Ndabwera kudzagula masheya a banki ija," anatero. "Muli 900,000 umu."

"Mwazitenga kuti zonsezi, alamu?"

"Ndagulitsa makina amagetsi aja. Zinazo ndi zomwe ndakhala ndikusunga zaka zisanu kuti ndidzagule kachipinda ka shopu. Aliyense pa mzere wathu wa matelala wagula. Ngakhale bambo wa mazipi uja, amene sadziwa kulemba dzina lake, akuti ndalama zake zabereka kawiri chaka chino chokha. Ine ndizingosoka mapilo?"

"Musagule panopa. Akwera kwambiri."

"Ndiye n'chifukwa chake ndikuwafuna, poti akukwera."

"Chonde, alamu, ndimvereni."

Anaseka, osati monyoza. "Inu Peresenti, nthawi ija munati zinthu sizili bwino, ndinagulitsa, anakwera. Lero mukuti ndisagule. Sindikukuimbani mlandu ayi, si inu Mulungu kuti mukanadziwa za mawa. Amene anagula uja unali mwayi wake. Koma ulendo uno ndiloleni ndilakwitse ndekha."

Mawu amenewa anandiwotcha kuposa kutukwanidwa. Ndinaona kuti ndikangokhala chete ndiwapweteka kachiwiri, koyamba powagulitsitsa potchipa, kachiwiri powasiya agule podula. Ndinatenga pepala ndi cholembera.

"Makina anu opalasa ndi phazi aja munagula zingati?"

"150,000."

"Pa chaka amakupatsani phindu lanji, mutachotsa ulusi, mafuta ndi lendi?"

Anatsinzina pang'ono, milomo ikuyenda. "Mwina 50,000."

"Ndiye amabweza ndalama yanu patatha zaka zingati?"

"Zitatu. Funso la mwana wa pulaimale limenelo."

"Nanga wina atabwera ndi makina ofanana nawo, n'kukutchulirani mtengo woti adzabweze patatha zaka 26?"

"Ndingamufunse ngati amasoka golide."

"Banki imeneyi lero ili pa zaka 26. Sheya ikugulidwa pa 210, koma ikupanga 8 yokha pa chaka. Mwina phindu likula, zakazo zichepa. Koma anthu akadzangotopa kudikira, mtengo udzatsika, ndipo otsiriza kugula ndi amene adzalire."

Alamu anayang'ana pepalalo nthawi yaitali. Kenako anakokera envelopu ija kwa iwo pang'onopang'ono.

"Ndi zimenezi basi? Zaka zonsezi ndimaganiza kuti ndi zinthu zofuna digiri. Bwanji simunandifotokozerepo chonchi?" Anatenga cholembera changa, anazunguliza 26 uja. Ndiye anadzutsa mutu. "Nanga nthawi ija ndinkagulitsa, zinali zaka zingati?"

Ndikanatha kunena kuti ndaiwala. Papita zaka zambiri, akanandikhulupirira.

"Zitatu," ndinatero.

"Zitatu." Anabwereza motsitsa mawu. "Ngati makina anga."

"Eya."

"Munkadziwa tsiku lomwelo, kapena munadzawerengera pambuyo pake?"

"Ndinkadziwa."

Mnzanga wa tebulo loyandikana anali pa foni, akuseka ndi kasitomala. Alamu anavula magalasi, anawapukuta ndi m'mphepete mwa bulauzi, anawavalanso.

"Anagula ndani?"

Apa mtima wanga unathawanso. "Malamulo a ntchito salola kutchula dzina la wogula."

Anandiyang'ana mmene telala amayang'anira nsalu yomwe wina waidula mokhota. Anaika envelopu m'chikwama, anaimirira. "Zikomo chifukwa cha sukulu ya lero," anatero. Ndinafuna kuwaperekeza pa masitepe, koma anakweza dzanja kuti ndikhale.

Masiku atatu ndinkangoyenda ngati munthu wodwala malungo. Loweruka masana ndinapeza mkazi wanga pakhonde akuchonga makope a ana a sukulu, poti ndi mphunzitsi. Ndinakhala pa mpando wina n'kuyamba kuzungulira, za banki, za chaka chija achimwene anamwalira. Sanadzutse mutu.

"Ngati mukufuna kundiuza kuti masheya ali m'dzina langa aja anali a amayi aakulu, ndinadziwa kalekale," anatero.

"Unadziwa bwanji?"

"Pa maliro ndine ndinkawathandiza kusanja mapepala a m'sutikesi. Ndinaona 60,000. Patatha miyezi inayi mukundisainitsa fomu ya 60,000. Ine ndimaphunzitsa ana, koma si ine mwana." Anachonga kope lina. "Mumaganiza kuti madiresi onse aja ndimakasoketsa kwa iwo ndimawavala liti? Adzaza sutikesi ziwiri."

Zaka zonsezi tinkagona chipinda chimodzi, aliyense atafungatira chinthu chomwecho, osauzana.

"Ndikufuna kuwabwezera," ndinatero.

Apo ndiye anaika cholembera pansi. "Ana awiri ali ku koleji, bambo. Munagula pa mtengo wa pa msika. Mukanapanda kugula inu akanagula wina. Simunabe."

"Sindinabe."

"Ndiye?"

"Ndiye n'chifukwa chiyani tonse awiri takhala chete zaka khumi ndi chimodzi?"

Anayang'ana kumpanda, komwe zovala zinali pa chingwe. Analankhula zambiri tsiku limenelo, zina zowawa. Anati ine ndikufuna kutsuka mtima wanga ndi fizi ya ana ake. Anati chisoni changa chadzuka mochedwa, nyumba itatha kale kumangidwa. Sindinatsutse, chifukwa sankanama. Dzuwa litapendeka anasonkhanitsa makope ake.

"Nyumba sitingagumule n'kukapereka njerwa. Otsalawo ndi angati?"

"40,000."

"Mubweretse fomu Lolemba ndisanasinthe maganizo. Koma kokalankhulako mupite nokha. Pogula paja simunanditenge."

Shopu ya alamu ndi kachipinda kopapatiza pa mzere wa matelala, pakati pa bambo wa mazipi ndi mayi wina wosita zovala. Ndinafika Lachiwiri nthawi ya nkhomaliro. Anali akusoka mayunifolomu a sukulu, mulu wa nsalu zobiriwira uli pambali pawo. Mwana wawo uja analinso pomwepo, atakhala pa kampando, akudya buledi ndi tiyi, atavala malaya oyera a kuntchito kwake. Atandiona anaimirira n'kundipatsa kampandoko.

"Bambo aang'ono, mwasowa. Khalani apa."

Zinaoneka kuti mayi ake anali asanamuuze kanthu. Ndinalakalaka akanachoka, koma ndinadziwa kuti nkhaniyi inkamukhudza iyeyo kuposa wina aliyense. Ndinakhalabe chiimire.

"Alamu, wogula uja ndinali ine. Ndinagula m'dzina la mayi a kunyumba."

Phazi lawo silinasiye kupalasa. Anamaliza msoko wonse, anadula ulusi ndi mano, anatembenuza nsalu.

"Ndinadziwa mutangotchula za malamulo," anatero. "Munthu wosalakwa sathawira ku malamulo pamaso pa mlamu wake."

"Wogula chiyani?" anafunsa mwana uja.

Ndinamufotokozera ndekha, zonse, kuyambira lipoti lomwe ndinatembenuza. Ndinatchula manambala onse. Iye masamu amawadziwa, ndinaona akuchulukitsa m'mutu, nkhope ikusintha. Anaika kapu ya tiyi pansi.

"Ndiye ndalama za sopo zija munkanditumizira ku yunivesite zinali zathu zomwe?"

"Tinganene choncho."

"Ndinakulemberani kalata yothokoza. Masamba awiri." "Tsiku lomwe ndinkalongedza katundu wanga ku hositelo, munabwera ndi galimoto kudzanditenga. Munandiuza kuti ndisadandaule, Mulungu ali ndi njira zake. Mukukumbuka?"

"Ndikukumbuka."

"Panthawiyo sheya inali pa zingati, bambo aang'ono? Poti inu simuiwala nambala."

"Pa 32."

Anatuluka panja. Ndinamumva akulira kuseri kwa shopu, mayi wosita uja akumufunsa kuti chachitika n'chiyani.

Ndinatulutsa fomu yomwe mkazi wanga anali atasaina, ndinaiika pa mulu wa nsalu. "Atsala 40,000. Ndi anu. Mungosaina apa."

Alamu anasiya makina. Anaiwerenga fomuyo mzere ndi mzere, chala chikutsata mawu, mpaka timalemba tating'ono ta pansi. Zinatenga nthawi, ndipo ine ndinangoima.

"Apa palembedwa kuti mphatso," anatero.

"Ndi mmene timalembera ngati palibe malipiro."

"Mphatso yanu sindilandira. Mawa muzidzayenda mukunena kuti munathandiza mkazi wamasiye." Anakoka chikwama pansi pa makina, anatulutsa envelopu ija. "Munagula pa 6. Inenso ndigula pa 6. Zikwana zingati?"

"240,000. Koma alamu..."

"Kasintheni fomuyo, mulembe kuti ndagula."

Anawerenga ndalamazo pa nsalu yobiriwira, akunyowetsa chala, n'kuzikankhira kwa ine. Mwana uja anali atabwerera, ataima pakhomo, maso ali ofiira.

"Nanga 20,000 enawo, amayi? Nanga phindu la zaka zonsezi?"

"Amenewo ali m'makoma a nyumba yawo," anatero alamu. "Azigona nawo."

Kusamutsa masheya pa mtengo wotsika chonchi, msika uli pa 210, kumafuna chifukwa cholembedwa ndi siginecha ya abwana. Ndinaganiza zopeka nkhani ya chuma chamasiye, ikanadutsa mosavuta. Koma ndinali nditatopa. Ndinalemba zomwe zinachitika, tsamba limodzi. Abwana anawerenga kawiri, anatseka chitseko, n'kundifunsa ngati ndikudziwa tanthauzo la zomwe ndalembazo. Anandiimitsa ntchito miyezi itatu popanda malipiro. Nditabwerera anandichotsa kwa makasitomala n'kundiika m'chipinda cha kumbuyo chosungira mafailo, komwe ndili mpaka pano. Mwana wathu wamkulu anachoka ku hositelo n'kumayendera kuchokera kunyumba, mabasi awiri m'mawa, awiri madzulo. Tinamuuza chifukwa chake. Anangoti, "Chabwino," koma anakhala mwezi wathunthu osadya nafe pa tebulo.

Alamu anakatsegula akaunti ku kampani ina, kwa mayi wina yemwe sindikumudziwa. Ndinamva kwa abale kuti anagulitsa theka sheya ili pa 230, anagula kachipinda ka shopu kaja, anagulanso makina amagetsi awiri. Mtengo unakwerabe mpaka 260, anthu n'kumandiseka kuti lipoti langa linali la munthu wamantha. Kenako m'miyezi isanu unatsika kufika pa 140. Banki sinalakwe kanthu, phindu linakwera pang'ono kufika pa 9, koma anthu anangotopa kulipira chiyembekezo. Bambo wa mazipi uja, yemwe anawonjezera kugula pa 250, anatseka shopu yake. Ndinalondola, koma sizinandikomere.

Mwana wa achimwene wabwerera ku sukulu, amaphunzira Loweruka ndi Lamlungu, ali m'kalasi limodzi ndi ana omwe amawaposa zaka khumi. Foni yanga sayankha. Ndinamutumizira uthenga kamodzi womufunira mafuno abwino pa mayeso, unaoneka kuti wawerengedwa, basi.

Mwezi watha ndinakumana ndi alamu pamalo okwerera basi pafupi ndi chipatala. Ankachokera kokayezetsa maso. Ndinawapatsa moni, anayankha. Tinaima limodzi, mabasi awiri odzaza anadutsa osaima. Ndinawafunsa za ntchito, anati maoda a mayunifolomu achuluka, alemba mtsikana wowathandiza. Anandifunsa za ana, aliyense payekha.

"Alamu," ndinatero, "kodi mudzandikhululukira?"

Anayang'ana kumsewu. "Achimwene anu akanakhalapo akanakumenyani mbama imodzi yabwino, mawa lake n'kubwera kudzakukonzerani mpope. Anali otero. Ine sindimenya munthu, ndiye zanga zimatenga nthawi."

"Ndidikira."

"Dikirani. Koma musamabwere kudzafunsa kuti zafika pati."

Basi inafika ili ndi malo a munthu mmodzi. Ndinawagwirira chikwama akukwera, anachilandira pa zenera, basi inanyamuka. Ine ndinadikira yotsatira.